Mbawa ya Mkamwini

A Gervazio Zikhalo anali munthu woyenda akuyang'ana kumwamba. Anthu a pa Linthipe ankawaseka nazo, chifukwa wosesa mumsika amayenera kuyang'ana pansi pamene pali zinyalala, koma iwo tsache lili m'manja, maso ali kunthambi. Madengu a tomato amene anapunthwapo pa zaka zonsezo ndi osawerengeka. Anali aafupi, a mawu ochepa, ndipo m'thumba la jekete yawo simunkasowa kampeni kachigwiriro chathabwa, kakuthwa moti ngakhale akazi awo sankaloledwa kusendera mbatata.

Kwawo kwenikweni sikunali pa Linthipe. Anabadwira m'mudzi wina wa m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni, kwa bambo ocheka matabwa ndi sowo yaitali ija ya anthu awiri, wina pamwamba pa chipika, wina m'dzenje. A Gervazio ndiwo anali a m'dzenje, utuchi ukuwagwera m'maso kuyambira ali mnyamata mpaka atamera ndevu. Sukulu anailekera sitandade 4, koma m'dzenjemo anaphunzira zimene ambiri a mapepala sazidziwa. Chipika chikang'ambika pakati ankapezamo mbiri yonse ya mtengowo: pena banga lakuda la moto wolusa umene unadutsa iwo asanabadwe, pena potema nkhwangwa, pena waya wa msampha atamezedwa mkati mwenimweni, kunja khungwa lili see ngati sipanachitike kanthu. Bambo awo ankawauza kuti mtengo suchira ngati munthu. Munthu akatemeka, mnofu umabwerera. Mtengo ayi, pamene pavulala pavulala basi, koma umapatsekera mkati kuti kuwola kusafalikire, kenako n'kumanga thupi lina kunja kwake. Ankawauzanso kuti moyo wa mtengo suli pakati pa thunthu monga anthu amaganizira, uli m'kachikopa konyowa kamene kali pansi pa khungwa, kopyapyala ngati khoko la anyezi. Mmenemo ndimo mumadutsa chakudya chochokera kumasamba kupita kumizu. Ukadula njira imeneyo kuzungulira thunthu lonse, mizu imafa ndi njala, mtengowo ukhale waukulu bwanji.

Atatopa ndi dzenje analembedwa ntchito kunazale ya mitengo, ndipo kumeneko ndi kumene kampeni kaja kanapeza ntchito yake. Anaphunzira kumezanitsa mapichesi, kutenga kanthambi ka mtengo wa zipatso zokoma n'kukalumikiza ku tsinde la mtengo wolimba, tizikopa tonyowa tija titayang'anizana bwinobwino. Dzanja lawo linali labwino. Mwa mitengo khumi, umodzi wokha ndi umene unkakana.

Mu 1979 anakwatira a Elena a m'mudzi wa pafupi ndi msika wa Linthipe, mayi woseka kwambiri amene ankayankhula za anthu awiri, zawo ndi za amuna awo. Monga mwa mwambo, mwamuna ndiye anasamuka kukakhala kwa mkazi. A Gervazio anafika pachikamwini ndi mphasa, khasu, kampeni kaja ndi mbande zisanu ndi imodzi za mapichesi. Mvula itagwa anazidzala m'malire mwa munda umene anapatsidwa, mtima uli mbee. Patapita masiku atatu anazipeza pakhomo, zitazulidwa mosamala, mizu itakulungidwa ndi udzu wonyowa. Amene anazula anali a Anselmo, atsibweni awo a Elena, ndipo sanabisale ayi, anali atakhala pomwepo akudikira.

"Musaone ngati nkhanza, akamwini," anatero a Anselmo. "Inu dzalani chimanga, nyemba, maungu, zonse zokolola chaka chomwecho. Koma mtengo umakhalitsa kuposa banja. Mawa abale anu adzabwera n'kuloza kuti uwu anadzala m'bale wathu, mundawu n'kutuluka m'mbumba yathu."

A Gervazio anamva kuwawa ndithu, koma mlanduwo unalibe koutengera, poti kwawonso ku Chongoni akamwini ankawauza zomwezo. Amene anawachotsa nkhawa ndi akazi awo. A Elena anapita kumsika n'kubwerako ndi zitini zakutha ndi ndowa zobooka, n'kunena kuti m'chitini si munda wa munthu, palibe mtsibweni angazule kanthu mmenemo. Kuyambira pamenepo kuseri kwa nyumba yawo kunali nazale ya m'zitini. Mbande zikakula ankazigawa kwa amene anali ndi malo awoawo, ndipo mapichesi ambiri amene mukudya m'midzi yozungulira Linthipe anadutsa m'manja mwawo. Koma kulera mbande n'kumapatsa ena chaka ndi chaka kumasiya kanthu pamtima. Munthuyo ankafuna mtengo umodzi wokha woti aziuona ukukula pamene anauika yekha.

Mwayi unabwera mu 1983 pamene anapeza ntchito yosesa mumsika. Pakati pa msewu waukulu wopita ku Lilongwe ndi mabenchi oyamba a msika panali kamalo kopanda mwini, ka miyala ndi fumbi, kamene panalibe mbumba imene ikanati n'kathu. A Gervazio anatola njere za mbawa m'mphepete mwa mtsinje, anazifesa m'zitini, ndipo mu Januwale anadzala mbande khumi ndi ziwiri motsatira msewu. Mbuzi zinadya zitatu chaka chisanathe. Ina inapondedwa ndi ngolo, ziwiri zinapsa ndi moto wa zinyalala. Zisanu zinakula ndithu mpaka kupitirira denga la golosale, koma zinagwa tsiku limodzi pamene ankakulitsa msewu, ndipo tsiku limenelo a Gervazio sanadye. Inatsala imodzi, ya kumapeto, imene inapatuka pang'ono chifukwa panali mwala pamene ankafuna kukumba dzenje.

Koma abale, moyo wa mtengo wa pamsika si moyo. Kunkhalango masamba amagwa n'kuwolera pamizu, dothi lili lofewa. Pamsika mapazi a anthu zikwi amapondaponda mpaka nthaka kuuma gwa, mvula ikagwa imangothamangira m'ngalande. Aliyense wofuna kulengeza msonkhano wa mapemphero kapena mankhwala obweza mkazi wothawa amabwera ndi misomali. Ogulitsa mbuzi amamanga zingwe. A Timoteyo a chipisi anaika chiwaya chawo kumpoto kwa thunthu, ndipo moto wa tsiku ndi tsiku unawamba khungwa la mbali imeneyo mpaka kufa, iwo n'kumalonjeza chaka chilichonse kuti asuntha. Mbawa inapirira zonsezo. Misomali inaimeza, mabala ang'onoang'ono inawatseka ndi milomo yonenepa ya khungwa latsopano, mizu yake inadutsa pansi pa ngalande n'kukapeza pamene amayi amatayira madzi otsukira ndiwo zamasamba. Pofika chaka cha 2020 anthu awiri sakanatha kuizungulira ndi manja, ndipo pamthunzi pake pankakhala amayi oposa makumi awiri ndi tomato, kabichi ndi kachewere wawo.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene a Gervazio sankasekerera. Kwathu kuno anthu amakhulupirira kuti khungwa la mbawa, poti ndi lowawa, ndi mankhwala a chifuwa ndi malungo. Aliyense wofika pamtengowo ndi mpeni ankathamangitsidwa ndi tsache, kaya ndi mphunzitsi, kaya ndi mkulu wa mpingo. Munthu wofatsa uja ankasanduka wina. A Elena ankawaseka kuti mbawayo ndi mkazi mnzawo, ndipo amuna awo akachedwa ankafunsa ngati mkazi wamng'ono wawaphikira kale.

Mu Januwale 2021, mliri wa korona uli pachimake, a Elena anayamba kutsokomola. Anawafukiza ndi masamba a bulugamu, anawapatsa mandimu ndi jinja, koma mpweya unkangochepa. Tsiku lachinayi m'mamawa a Gervazio anatenga kampeni kawo n'kupita kumsika. Anaima pamtengo nthawi yaitali, kenako anasenda khungwa lokwana chikhatho kum'mawa, n'kuzungulira kukasenda linanso kumadzulo, monga mwambo wa mankhwala umanenera, kuti khungwa lochiza ndi la kotulukira dzuwa ndi la kolowera dzuwa basi. Ankadziwa kuti mabala awiri otero mtengowo uwatseka. Chimene sanaganizire ndi maso a anthu. Amayi olawirira kudzayala malonda anaona, ndipo dzuwa lisanafike pamutu msika wonse unali utamva kuti mwini wake wa mbawa wasenda yekha, ndiye kuti mankhwala a mliriwu ndi amenewa.

A Elena anamwalira kuchipatala sabata yotsatira. A Gervazio anakhala pakhomo mwezi ndi theka osaponda kumsika, ndipo mwezi ndi theka umenewo mtengo unalibe woulondera. Anthu anali ndi mantha, tisawaweruze kwambiri, maliro anali tsiku ndi tsiku. Aliyense ankati ndingotengako kakang'ono. Pamene a Gervazio anabwerera ndi tsache lawo anapeza thunthu lili mbee, lamaliseche kuyambira m'mawondo mpaka m'mapewa. Mbali ya kum'mawa yonse inali itapita, ya kumadzulo chimodzimodzi, ndipo mabala awiriwo anakula mpaka kukakumana ndi chipsera cha chiwaya kumpoto. Anazungulira thunthulo. Kumwera kokha ndi kumene kunatsala kamzere ka khungwa kotsika kuchokera pamwamba mpaka pansi, kokula ngati zala zinayi. Palibe anakasiya chifukwa cha chifundo. Anakasiya chifukwa aliyense amadziwa kuti khungwa la kumwera silichiza.

Chilimwe chonse mbawa inkafooka anthu akuona. Masamba anachita chikasu, nthambi za pamwamba zinauma, mthunzi unabooka. Nkhani inanso inali ikuyenda kumudzi. A Bartholomew, mlongo wawo wa malemu a Elena, ndiwo tsopano anali mwini mbumba, komanso anali wapampando wa komiti ya msika. Atakolola, anaitanitsa abale a mbali zonse ziwiri n'kuwasudzula alamu awo mwaulemu, kunena kuti banja lathera kumanda, a Gervazio amasuka, angathe kubwerera kwawo. Palibe anawathamangitsa. Mwana wawo Tikondwe analira n'kuwapempha kuti akhale, koma a Gervazio anali munthu wodziwa malo ake. Anatumiza uthenga kwa mlongo wawo ku Chongoni kuti afolere kanyumba, afika mu Okutobala.

Mu Seputembala, tsiku la msika, nthambi youma inathyoka n'kuboola lata la benchi la a Kettie, mayi wa tomato amene anakhala pamthunziwo zaka makumi awiri. Inawaphonya pang'onong'ono. M'mawa mwake a Gervazio anapeza mtanda wa penti wofiira pathunthu loyera lija, ndipo a Dominiko a makina ochekera mitengo anali atauzidwa kale kuti abwere Loweruka. A Gervazio anapita kwa alamu awo kukapempha kuti komiti ikumane pamtengo pomwepo isanadule.

Anthu anasonkhana ambiri kuposa a komiti. A Bartholomew si munthu woipa, ndipo pa zaka zonsezo ankaseka ndi alamu awo monga alamu amachitira, koma tsiku limenelo analibe nthabwala.

"Alamu, mtengo wafa uwu," anatero. "Tidikire mpaka uphe munthu?"

A Gervazio anatulutsa kampeni, anapita kumwera, n'kukanda pakamzere kaja malo ochepa ngati chikhadabo. Pansi pake panali pobiriwira, ponyowa. Anawauza a Bartholomew kuti akhudze, ndipo anakhudza.

"Kachingwe kameneka kangadyetse chimtengo chonsechi?"

"Pakokha ayi. Koma ndikathandiza. Mundipatse mpaka Khirisimasi."

Pamenepo phokoso linabuka. Ena ankati a Timoteyo ndiwo anapha mtengo ndi chiwaya chawo, a Timoteyo n'kumati iwo sanasendepo khungwa, afunsidwe amayi a kachewere amene ankalitumiza mpaka ku Lilongwe. A Gervazio anadikira kuti phokoso litsike, kenako anavula chipewa.

"Musakankhirane mlandu. Woyamba kusenda mtengo uwu ndine. Zaka zonsezi ndakuthamangitsani ndi tsache, tsiku limodzi ndinabwera ndi mpeni wanga, inu n'kuona. Mayi a Tikondwe sindinawapulumutse. Mundilole ndiyese uwu."

Aliyense ankadziwa zimenezo, koma panalibe anayembekeza kuzimva pakamwa pa mwini wake. A Bartholomew anayang'ana kumbali nthawi ndithu, poti amene anatchulidwawo anali mlongo wawo. Kenako anagamula kuti nthambi zonse zouma zitsike sabata yomweyo, amayi asunthe kaye mabenchi, ndipo mtengowo ukapanda kuphuka pofika Khirisimasi, a Dominiko adula popanda msonkhano wina. Za ulendo wa ku Chongoni anati zidikire.

Loweruka a Dominiko anakwera ndi makina awo, koma odula enieni anali a Gervazio ali pansi, khosi lili chagada, akuloza ndi mtengo wa tsache. A Dominiko ankafuna kudula nthambi molingana ndi thunthu kuti pakongole. A Gervazio anakana, n'kuwaonetsa kamkanda kotupa kamene kamakhala pamene nthambi imatulukira, kunena kuti kameneko kasiyidwe chifukwa mlomo wotseka bala umamera kuchokera pamenepo. Anawauzanso kuti aziyamba kucheka pansi pa nthambi, kuti ikamagwa isasupule khungwa. A Dominiko, amene anadula mitengo zaka khumi ndi zisanu popanda wowauza chochita, anang'ung'udza tsiku lonse, koma anamvera. Ofuna kuthandiza anabweranso ndi nzeru zawo. A Bartholomew anabweretsa simenti yoti amate pabala, a Timoteyo, atasuntha chiwaya tsopano, anabwera ndi chigubu cha oyilo wakuda wa galimoto. A Gervazio anawathokoza onse n'kuwabweza nazo, kunena kuti chomata chimasunga chinyezi mkati ndipo thabwa limawola msanga, bala la mtengo limafuna mphepo.

Ntchito yeniyeni anaigwira Lolemba. Kuseri kwa nyumba kunali mbande zisanu za mbawa m'ndowa zakutha, zochokera ku njere za mtengo womwewo, zimene sizinapeze wozitenga chifukwa cha mliri mpaka zinatalika kuposa mwini wake. Iwo ndi Tikondwe anazinyamula pawilibala. Anakumba maenje asanu pakati pa mizu ikuluikulu, mogundana ndi thunthu, n'kuzidzala. Ndiyeno anatenga mbande iliyonse, anaidula nsonga mopendeka ngati posongola cholembera, anang'amba pang'ono khungwa lamoyo la pamwamba pa bala, n'kulowetsa nsongayo pansi pake, kachikopa konyowa kakukhudza kanzake. Anakhomerera ndi kamsomali kakang'ono, anamata ndi phula la njuchi, n'kumanga ndi zingwe za chubu cha njinga. Kwa ofunsa anafotokoza mwachidule, kuti mlatho wagumuka, ndiye akuika mitanda isanu kuti chakudya chiziwoloka bala, madzinso azikwera kuchokera ku mizu yatsopano. Anavomera kuti pamapichesi anachitapo zoterezi, koma pambawa yaikulu chonchi sanayesepo, ndipo sanamvepo amene anayesa.

Ena anaseka, n'kumati mdala wauikira mtengo ndodo zoyendera. Koma a Kettie, omwe aja anatsala pang'ono kuphwanyidwa mutu, ndiwo anakhala kapitawo. Analamula kuti madzi onse otsukira masamba azithiridwa pambandezo, osati m'ngalande. Makoko a nyemba ndi masamba akutha a kabichi ankawayala pamizu pamene a Gervazio anagaula ndi khasu, ndipo anazinga minga kuti mbuzi zisafike. Tsiku lina, a Gervazio ali kuseri kwa msika, dalaivala wina wa galimoto yaikulu, mlendo wosadziwa za kum'mawa ndi kumadzulo, anadumpha minga ndi chikwanje, n'kulunjika pakamzere kaja poti ndi khungwa lokhalo limene analiona. A Kettie sanakuwe. Anangomuuza modekha kuti atenge ndithu ngati akufuna, koma adziwe kuti khungwa la kumwera limatsegula m'mimba sabata yathunthu, ndipo amene analimwa komaliza anafika ku Dedza atasintha thalauza kawiri. Bodza lenileni, lopeka pomwepo, koma munthuyo anabweza chikwanje chake n'kugula tomato.

Okutobala anawotcha monga amachitira. Mbande imodzi inauma sabata yachitatu, ina inatsatira. Mu Novembala mphepo yamkuntho inagwedeza yachitatu mpaka nsonga inatuluka m'khungwa. Zinatsala ziwiri, ndipo pamwamba panalibe chosintha, timasamba tochepa tachikasu tili lende. Mvula yoyamba inagwa, anthu anadzala, minda inabiriwira, mbawa ili chete. A Gervazio anaonda. Ankafika mumsika, kusesa, kukhala pamwala moyang'anizana ndi mtengo mpaka madzulo. Kwa Tikondwe yekha ndi kumene anaulula kuti akuopa, kuti akapita ku Chongoni mtengowu utadulidwa, zidzakhala ngati pa Linthipe sanakhalepo n'komwe, poti nyumba ndi ya mbumba, munda ndi wa mbumba, ngakhale iye Tikondwe ndi wa mbumba ya amayi ake.

Amene anayamba kuona anali a Timoteyo, sabata yachiwiri ya Disembala, ndipo anathamanga mpeni wosendera kachewere uli m'manja. Panthambi yaikulu ya kumwera panali timphukira tofiira psuu, poti masamba a mbawa amayamba ofiira asanabiriwire. A Gervazio anayang'ana koma sanasangalale msanga. Ankadziwa kuti ngakhale chipika chogwa chimatha kuphuka ndi chakudya chotsalira m'thupi, kenako n'kufota. Anapita pambande ziwiri zija n'kumasula chubu pang'ono. Pamene nsonga inalowa m'khungwa panali patatupa, mnofu woyera watsopano utagwira mbali zonse ziwiri. Anagwedeza mbandeyo, sinasunthe. Inayo chimodzimodzi. Anazungulira kumwera n'kupeza kuti kamzere ka zala zinayi kaja katulutsa milomo m'mbali mwake, tsopano kakukwana chikhatho chonse ndi chala chachikulu. Anakhala pansi pomwepo, pamakoko a nyemba, n'kulira monga sanalire pamaliro.

A Bartholomew anabwera kutatsala masiku atatu kuti Khirisimasi ifike, a Dominiko ali pambuyo koma opanda makina. Theka la mutu wa mtengo linali litapita ndipo silidzabwereranso, koma theka linalo linali lofiira ndi lobiriwira, mthunzi utayamba kubwerera pamabenchi. A Bartholomew anazungulira kawiri, anagwedeza mbande zija monga aliyense ankachitira, kenako anapempha kampeni ka alamu awo kuti apale mtanda wofiira uja pathunthu.

"Usiyeni, alamu," anatero a Gervazio. "Udzaumeza wokha. Mupatseni zaka khumi."

"Inu zaka khumizo mudzakhalapo kuti muone?"

"Ine ayi. Inu mudzandiuza mukadzandipeza."

Anaseka onse awiri, kuseka kwawo kwakale kuja. A Bartholomew anawauza kuti nyumba ilipo, angathe kukhala mpaka kalekale, ndipo ankanena zochokera pansi pa mtima. A Gervazio anathokoza, koma mawu osudzula anali atanenedwa pamaso pa anthu, ndipo kanyumba ka ku Chongoni kanali katafoleredwa. Mu Januwale anatula tsache, anagawa zitini zotsala, anawaonetsa a Kettie ndi Tikondwe mmene angadulire timphukira tomera m'mbali mwa mbande zija, n'kunyamuka ndi mphasa, khasu ndi kampeni kawo. Kwawo anadzala mapichesi khumi ndi awiri sabata yoyamba, pamalo a mbumba yawo, ali ndi zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri.

Anabwereranso ku Linthipe patatha chaka ndi miyezi, chifukwa zingwe za chubu zinayenera kuchotsedwa zisanayambe kufinya mbande zimene zinali kunenepa. Anayenda wapansi mpaka kumsewu waukulu n'kukwera minibasi yochokera ku Dedza, atapanikizika pakati pa thumba la kachewere ndi mayi wobereka mwana. Atayandikira msika, mayiyo anauza kondakitala kuti atsika pa Gervazio. Kondakitala anamenya denga n'kuuza dalaivala kuti pa Gervazio alipo.

A Gervazio anafunsa kuti pa Gervazio ndi pati.

"Madala ndinu achilendo eti?" anatero kondakitala. "Ndi pamtengo wamiyendo paja, tisanalowe mumsika. Kunali mdala wina anauchita opaleshoni utafa kale, n'kudzuka. Ndi pamalo pake pamenepo."

"Pamalo pake?"

"Eetu, nanga pa ndani? Inunso mutsika pomwepo?"

"Pomwepo," anatero a Gervazio.

Minibasi inaima pamthunzi. Mbande ziwiri zija zinali zitanenepa ngati mikono ya munthu wolima, zitalowa m'thunthu moti polumikiza sipankaonekanso, ndipo a Kettie anali ataimirira kale akupukuta manja pachitenje. A Gervazio anatsika pang'onopang'ono n'kukonza jekete. Amene analipo amanena kuti tsiku limenelo sanayambe ndi kuyang'ana kunthambi. Anayamba ayang'ana pansi, padothi limene anapondapo, ndipo anayang'anapo nthawi yaitali.